Gogoda wa pa kaunjika patapita miyezi: kuphunzira mayendedwe achikazi m'misewu ya Harare

Nthawi ya maluwa a jacaranda chaka chatha ndinalemba za zinthu zitatu zomwe ndinayamba nazo pophunzira kuyenda mwachikazi: nsapato za gogoda zomwe ndinagula pa kaunjika ku Mbare cha ku Mupedzanhamo, tepi yomata pansi m'chipinda kuti ndiziyenda pamzere, ndi foni yodzijambulira. Pa nthawiyo zonse zinali zatsopano, ndipo zomwe ndinanena zinali za m'chipinda basi, chitseko chili chokhoma. Pano zadutsa m'mvula, m'matope ndi m'chisanu cha June, ndiye ndingathe kunena chomwe chapirira ndi chomwe ndachiika pambali. Ndikulembera anzanga a transgender, amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzimva kuti ndi akazi, ndi ena amene amavala zachikazi mwa apo ndi apo, makamaka ife a chilankhulo chino amene tili ku Mabvuku, Tafara, Highfield, Epworth ndi kwina konse mu Harare muno.

Ndiyambe ndi nsapato, poti ndi zomwe zinadya ndalama. Ndi zakuda, zachikopa, chidendene chake chonenepa chotalika masentimita 5, ndipo zili ndi kalamba komanga pa kakolo. Ndinapereka $8 titanenerera ndithu. Nkhondo inali pa saizi. M'mashopu omwe ndinalowa m'tauni, nsapato zachikazi zinkathera pa 7 kapena 8, pomwe ine ndimavala 9 ndipo phazi langa ndi lotambalala kutsogolo. Pa kaunjika zazikulu zimapezeka, bola kulawirira belo likamatsegulidwa, ndipo wogulitsa safunsa kuti ndi za ndani.

Chikopa chapirira bwino. Chafewa pamwamba pa chala chachikulu pomwe chinkanditulutsa matuza masabata oyamba, ndipo sichinang'ambike. Kalamba kanatambasuka mpaka ndinaboola bowo lina ndi msomali wotentha. Chomwe chinatha msanga ndi mphira wa kunsi kwa chidendene. Ndinapita nazo kwa mdala wina wosoka nsapato pansi pa mtengo, wochokera kwathu ku Malawi, amene anabwera kuno ali mnyamata. Anazitembenuza, n'kuyendetsa chala pomwe mphira unadyekera, kumbuyo cha kunja, kenako anati: "Mwana wanga, akazi anuwa amamenya pansi kwambiri. Taonani, mbali inoyi yatheratu, inayi ikadali yatsopano. Muwauze achepetse sitepe, sakuthamangitsidwa ndi munthu." Ndinangoti, "Ndikawauza, agogo." Palibe kanema wa pa YouTube amene anandiuza zomveka chonchi. Sitepe ikatalika, mwendo umafika pansi uli wowongoka ndipo chidendene chimamenya simenti ndi thupi lonse. Ikafupika, phazi limatera pafupi ndi thupi ndipo kulemera kumagawanika. Nditabwererako ulendo wina, mphira unali utadyeka mofanana mbali zonse, ndipo mdalayo anati akaziwo amamva malangizo.

Chenjezo limodzi pa gogoda. Amakankhira kulemera kwa thupi ku zala, ndipo akatumba a kumbuyo kwa mwendo amakhala okhwinyata nthawi yonse yomwe mwamuvala. Mu 2010, akatswiri a pa Manchester Metropolitan University anayeza amayi omwe anakhala akuvala gogoda kwa zaka, napeza kuti minofu ya akatumba awo inali yofupika ndi pafupifupi 13 peresenti poyerekeza ndi ya ovala zafulati, ndipo mtsempha waukulu wa kuchidendene unali wouma. Ine ndinayamba kumva kukoka m'mawa ndikamatsika pabedi. Mankhwala ake ndi osavuta: kuimirira ndi zala pa sitepe ya pakhomo n'kutsitsa zidendene pang'onopang'ono, madzulo aliwonse mukavula nsapato. Ndiponso musamuvale tsiku lonse. Chidendene chosongoka chija chisiyeni kwa amene amatsika m'galimoto pakhomo pa holo. Ife oyenda pansi kuchokera ku renki ya Copacabana mpaka ku ya Fourth Street, m'mayenje, pakati pa milu ya tomato ndi ya anyezi, chimangotithyolera kakolo.

Tsopano tepi ija. Makanema ambiri amaphunzitsa kuponda phazi lina kutsogolo kwa linzake pa mzere umodzi, kuti chiuno chizigwedezeka. Ntchito yake ilipo, sindikana. Munthu amene wakula akuyenda motangadza, zala zitaloza kunja, tepi imamuonetsa msanga kuti mapazi ake amatalikirana bwanji. Koma ntchito imeneyi imatha m'masabata ochepa, ndipo mukaipitiriza imayamba kukuonongani. Mayendedwe a mzere umodzi ndi a pa chionetsero cha zovala. Ukawatengera mumsewu umaoneka ngati mkwatibwi amene akulowa mu holo nyimbo ikulira, ndipo aliyense amatembenuka. Ma hwindi a pa renki, anyamata oitanira anthu kukwera ma kombi (maminibasi a kuno), maso awo ndi akuthwa, ntchito yawo ndi kuyang'ana anthu tsiku lonse, ndipo wodzithyola amamuimbira likhweru asanafike n'komwe pa kombi. Mkazi wina aliyense likhweru limamunyansa. Kwa ife limatanthauza kuti anthu khumi ayamba kuyang'anitsitsa khosi, manja ndi chibwano.

Khalani tsiku lina pa benchi ku Africa Unity Square muone amayi akamadutsa popita kuntchito. Simupeza woyenda pa mzere umodzi. Mapazi awo amayenda pa mizere iwiri yoyandikana, zala zikuloza kutsogolo, masitepe afupiafupi koma ofulumira. Ndinamatula tepi ija n'kumata ziwiri, mpata wake ngati kutambalala kwa chikhatho, ndipo patapita nthawi ndinachotsa zonse.

Chomwe ndachiona kuti n'chachikulu kuposa zonsezi sichili m'chiuno ayi, chili m'mapewa. Mu 1977, akatswiri awiri a ku America, Lynn Kozlowski ndi James Cutting, anaika zinthu zowala pa mapewa, zigongono, chiuno, mawondo ndi akakolo a anthu n'kuwajambula akuyenda, mwakuti woonera ankangoona timadontho toyenda, osaona nkhope kapena chovala. Oonerawo ankatha kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi kawirikawiri kuposa munthu wongolota. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti chimodzi mwa zomwe diso limagwira ndi ichi: amuna ambiri amagwedeza mapewa uku ndi uku kuposa chiuno, pomwe akazi ambiri chiuno n'chimene chimayenda, mapewa ali phee. Zigongono nazo, amuna amazitalikitsa ndi nthiti, akazi amaziyandikitsa. Ndiye munthu ukamakakamiza chiuno kugwedezeka koma mapewa akupalasabe mwachimuna, umakhala ukuonetsa zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo n'chimene chimadabwitsa anthu. Ukakhazika mapewa pansi, chiuno chimayamba chokha kugwira ntchito, chifukwa thupi liyenera kupeza poti lidzichirikize mwendo umodzi ukanyamuka.

Mphunzitsi wa zimenezi amene anandithandiza sanagulidwe ndi ndalama. Ndi ndowa. Ife a kum'mawa kwa mzindawu mipopi inauma kalekale, ndipo tsiku lililonse amayi ndi atsikana amachokera ku mjigo atasenza malita 20 pamutu, omwe ndi makilogalamu 20. Muwayang'ane kumbuyo. Mutu suyenda, khosi lili njo, mapewa sagwedezeka chifukwa akagwedezeka madzi atayika, sitepe ndi yaifupi, ndipo chiuno chimatsika mbali iyi, kenako inayo, mosakakamiza. Palibe amene akunyang'wa apo, ndi ntchito chabe, koma mayendedwe omwe tikuwafunafuna m'makanema a azungu ndi omwewo. Atsikana kwathu amayamba kusenza ali aang'ono, ife tinkapatsidwa wilibala kapena kunyamula zigubu m'manja, ndipo kunyamula m'manja n'kumene kumaphunzitsa mapewa kupalasa.

Ndinapinda chitenje chakale kukhala nkhata, n'kuyamba ndi kandowa kakang'ono, madzi osafika n'theka lomwe. Ku mjigo sindinapite nako, poti kumeneko amandidziwa ngati mnyamata wa kuseri kwa nyumba ya amayi aja, ndipo mwamuna wosenza pamutu ndi nkhani ya sabata yathunthu. Ndinkayenda m'chipinda, kuchoka pa chitseko kufika pa zenera, madzi akundithira m'khosi ndikangoiwala. Madziwo sanama. Kalilole amakunyengerera chifukwa ukamadziyang'ana umakonza thupi, koma ndowa imakuuza pomwepo kuti phewa lakumanja lathawa. Musayambe ndi ndowa yodzaza, khosi lomwe silinazolowere limavulala, ndipo ngati muli ndi vuto la msana ingoikani buku pamutu. Phunzirolo ndi lomwelo, kungoti buku silinyowetsa.

Chitenje nacho ndichitamande. Mukachimanga bwino mpaka m'akakolo, sitepe yaitali imakanika yokha. Ndimachivala ndikamasesa ndi kuphika m'chipinda, ndipo chachita zambiri kuposa tepi.

Za foni ndinene mwachidule. Ndi yothandiza mukaiika pa mpando, pa msinkhu wa chiuno, n'kudzijambula kumbuyo ndi cham'mbali, osati kutsogolo. Kamodzi pa sabata n'kokwanira, tsiku ndi tsiku mumangodzida. Mukatha kuonera fufutani. Foni imabedwa, imabwerekedwa, imapita kwa okonza, ndipo kanema wotero m'manja mwa munthu wolakwika amasanduka chingwe chokudyerani ndalama. Masiponji a m'chiuno amasintha maonekedwe a diresi koma sasintha mayendedwe. Mankhwala a mahomoni achikazi nawo amasuntha mafuta kupita m'chiuno ndi m'ntchafu, koma mafupa a munthu wamkulu amakhala momwe alili, choncho kuphunzira kuyenda sikuthawika.

Pali chinthu chomwe palibe kanema anandichenjeza, ndipo kwa amene mukukhala moyo wa mbali ziwiri ndi chofunika kuposa nsapato. Thupi likazolowera, silifunsa kuti lero tavala chiyani. Ine masana ndimagwira ntchito ku mafakitale nditavala ovolosi ndi jombo, pakati pa amuna okhaokha. Poyamba vuto linali kukumbukira kuyenda mwachikazi. Pano vuto ndi kukumbukira kusiya. Pa maliro ena ku Mabvuku ndikunyamula mipando, azakhali anandiitanira kuseri kwa tenti.

"Iwe, wavulala m'chiuno?"

"Ayi azakhali, ndi nsapatozi zikundithina."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka kumaso, kenako anakonza kolala ya shati yanga. "Uziyenda bwino mwana wa achimwene anga. Anthu ali ndi maso." Anabwerera ku mapoto, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso.

Kusamala kumeneku si mantha opanda pake. Gawo 73 la malamulo a milandu a dziko lino limaletsa kugonana kwa amuna okhaokha, ndipo ngakhale silinena za zovala kapena mayendedwe, anthu mumsewu sasiyanitsa. Mu January 2014, Rikki Nathanson, mkazi wa transgender, anamangidwa ku Bulawayo atalowa m'chimbudzi cha akazi pa hotela ina, anavulidwa ndi kusungidwa m'chitokosi. Mlandu unathetsedwa, ndipo mu November 2019 khoti lalikulu ku Bulawayo linagamula kuti apatsidwe chipukutamisozi cha madola 400,000 a ku Zimbabwe. Chigamulocho n'cholimbitsa mtima, koma onani zaka zomwe zinadutsa pakati. Kwathu ku Malawi nako, mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuthetsa malamulo oletsa amuna kapena akazi okhaokha kugonana, pa mlandu womwe mmodzi mwa odandaula anali Jana Gonani, mkazi wa transgender amene pa nthawiyo anali m'ndende. Choncho amene mumakwera basi ya ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda ndi Mwanza nthawi ya Khirisimasi, mayendedwe akalewo musawataye. Ine ndimawayeserera dala: manja m'thumba, zala kunja, sitepe yaitali. Jombo zolemera zimathandiza kukumbutsa miyendo. Kuno ku Harare kuli bungwe la GALZ, lomenyera ufulu wa anthu ngati ife, lomwe lakhalapo kuyambira 1990, ndipo ndi bwino kudziwa kolipeza zinthu zisanavute.

Kwa amene mumavala Loweruka lokha, pa phwando la anzanu odalirika, gogoda ndi mzere umodzi zikukwanirani, nyang'wani mmene mungathere. Kwa amene mukufuna kukagula ndiwo pa msika popanda wotembenuka, ndalama yanu ipite pa nsapato ya chidendene cha masentimita 3 kapena yafulati yokukwanani bwino. Gogoda amabisa zambiri, poti amafupikitsa sitepe ndi kupendeketsa chiuno mokukakamizani, ndipo mukangomuvula zonse zimabwerera. Mayeso enieni ndi patapata. Tsiku lomwe ndinadziona pa foni nditavala patapata, mapewa ali phee, zigongono zili pafupi ndi nthiti, ndi lomwe ndinadziwa kuti ndowa yagwira ntchito.

Chomwe chikundisautsabe ndi changu. Ndikamayenda modekha zonse zili m'malo mwake, koma kombi ikayamba kunyamuka hwindi akumenya chitseko, miyendo imakumbuka mpira wa ku pulayimale: mawondo kunja, mapewa kutsogolo, chikwama chikuuluka. Masitepe okwera nawo ndimawalumpha awiriawiri ndisanaganize. Pakadali pano ndikuyeserera kukwera imodziimodzi, mawondo moyandikana, chikwama nditachipanira m'khwapa, ndipo kombi yothamangira ndimaileka ipite, ndidikire ina.