Fungo la gasi m'nyumba ya lendi ku England

Abale anga amene muli kwathu, makamaka inu amene mukukonzekera kubwera kuno ku England kudzagwira ntchito kapena kudzaphunzira, ndati ndikuuzeni za gasi, chifukwa nyumba zambiri kuno zimafunditsidwa ndi gasi wodzera m'mapaipi apansi panthaka, ndipo mlendo amapatsidwa makiyi a nyumba popanda womuonetsa pamene pali chotsekera gasiyo. Gasi ameneyu mbali yake yaikulu ndi methane, ndipo payekha alibe fungo. Fungo loipa lija, longa la dzira lovunda, amachita kuthiramo dala ndi mankhwala otchedwa mercaptan kuti mphuno izindikire msanga. Zothira fungozi zinafala pambuyo pa ngozi ya pasukulu ya New London ku Texas, m'dziko la America, m'chaka cha 1937, pamene gasi wosanunkha anadzaza kunsi kwa nyumba ya sukuluyo n'kuphulika, n'kupha anthu pafupifupi 300, ambiri mwa iwo ali ana.

M'nyumba imene ndinkakhala ndi anzanga ena obwera, fungolo linatipeza m'bandakucha wa nyengo yozizira, mawindo onse ali chitsekere. Ndinali nditangoweruka kuntchito ya usiku, ndipo nditatsegula chitseko ndinalimva lili ponseponse m'khonde, kukhitchini kukumvekanso kaphokoso kakang'ono kosalekeza ngati ka mpweya wothawa. Mnyamata wina amene ndinamudzutsa anatuluka m'chipinda akupapasa khoma kuti ayatse getsi, koma mayi wina wachikulire, amene anali atakhala m'dziko lino zaka zambiri, anamugwira dzanja asanafike paswichi. “Musakhudze chilichonse, tiyeni panja,” anatero chonong'ona. Mayiwo anachita bwino kwambiri, pakuti gasi akachuluka mumpweya wa m'chipinda kufika pakati pa 5 ndi 15 peresenti, kamoto kosaoneka ndi maso kamene kamathetheka m'kati mwa swichi n'kokwanira kuphulitsa nyumba. Kamotoko kamathetheka poyatsa ndiponso pozimitsa, choncho getsi limene likuyaka lisiyidwe likuyaka, lozima lisiyidwe lozima. Belu la pakhomo, machesi, ndudu ndi foni, zonse zidikire mpaka munthu atatuluka.

Tinatsegula zitseko ndi mawindo amene tinawadutsa potuluka, ndipo mayi aja anapita pabokosi la mita limene linali panja, n'kutembenuza chogwirira chake. Chogwiriracho chikaloza mmene paipi ikulowera ndiye kuti gasi akudutsa, chikapingasa ndiye kuti watsekedwa. Mita ikakhala m'chipinda cha pansi panthaka, malangizo a kuno ndi akuti musatsikireko.

Chimene chinandidandaulitsa ndi zokambirana zimene zinabuka titaima panjapo tikunjenjemera ndi chisanu. Ena ankati tiyambe taimbira mwininyumba, poopa kuti angakwiye ndi kutichotsa. Ena ankaopa kuti amisiri akabwera atilipiritsa ndalama zimene tinalibe, pamene wina sankafuna kuti dzina lake lilembedwe paliponse. Mantha otere ali ndi ife obwera ambiri, ndipo ndimawamvetsa, koma pankhani ya gasi ndi mantha opha anthu, popeza khoma la nyumba yathu linali limodzi ndi la aneba amene anali m'tulo ndi ana awo. Ndinaimba nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999, imene ndi yaulere ndipo imayankhidwa usana ndi usiku ku England, Scotland ndi Wales. Wolandira foni anafunsa adiresi, anafunsa ngati tatseka pamita, ndiponso ngati pali amene akumva chizungulire kapena nseru. Cholinga chawo n'kufika pasanathe ola limodzi ngati gasi akutulukabe, kapena maola awiri ngati mwatseka.

Mmisiri anafika ndi kachipangizo ka m'manja kokhala ndi kapaipi kutsogolo, n'kumakayendetsa m'mbali mwa makabati mpaka kanayamba kulira kwambiri kuseri kwa chitofu, pamene paipi yofewa inali itakhwepa polumikizira. Anachotsa chitofucho pagasi, anamatapo chikalata chochenjeza kuti chisagwiritsidwe ntchito, ndipo anachoka osafunsa ndalama kapena mapepala a wina aliyense. Dziwani kuti ntchito ya amisiri a ngoziwa n'kuthetsa chiopsezo basi. Kukonza chitofu kapena boila (chipangizo chotenthetsera madzi ndi nyumba) imene mwininyumba anaika ndi udindo wa mwininyumbayo.

Apa ndiye pamene lamulo limateteza wochita lendi. Mwininyumba ayenera kuyezetsa zipangizo za gasi miyezi 12 iliyonse kwa mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula amene anayamba m'chaka cha 2009, ndipo ayenera kukupatsani chikalata cha zimene zapezeka. Mmisiri weniweni amayenda ndi khadi lokhala ndi chithunzi chake, ndipo kulipempha si mwano. Ndaonapo anzathu akuitana mnzawo wodziwa za mapaipi a madzi kuti alumikize chitofu pofuna kupulumutsa ndalama, zimene kuno ndi mlandu. Funsaninso za alamu ya carbon monoxide, mpweya wina umene umatuluka gasi akamayaka mosakwanira. Umenewu sununkha n'komwe, ndipo zizindikiro zake ndi lawi lachikasu m'malo mwa labuluu, mwaye pachipangizo, ndi mutu wopweteka umene umasiya munthu akachoka panyumba.

Inu amene mumaphikira gasi wa m'masilinda, zambiri mwa zimenezi zikukukhudzani, koma pali kusiyana kumodzi kofunika. Gasi wa m'mapaipi ndi wopepuka kuposa mpweya ndipo amakwera kudenga, pamene wa m'silinda ndi wolemera, amatsika n'kuyalana pansi, m'maenje ndi kunsi kwa mipando, moti kutsegula mawindo okha sikokwanira. Tsekani pamutu pa silinda, tsegulani zitseko kuti mphepo idutse pansi, ndipo pofufuza pamene akutulukira pakani madzi a sopo pa paipi ndi polumikizira n'kuyang'ana pamene thovu likufufuma. Machesi musawayandikitse.