strcat, strncat kapena snprintf: tilumikize mawu ndi iti mu C?

Mnyamata wina wa ku Santhe anandipeza pa Kasungu boma, pulogalamu yake ya m'chinenero cha C yolemba malisiti a alimi a fodya ikungofa ndi Segmentation fault, uthenga woti yakhudza malo osaloledwa mu memory ya kompyuta. Anali atalemba char *dera = "Santhe"; kenako strcat(dera, ", Kasungu") kuti alumikize mawu awiriwo. Mawu olembedwa chonchi amasungidwa pamalo ongowerenga, ndiye ukayesa kulembapo, Linux imaipha pulogalamuyo pompopompo.

Ena amathawira ku char dera[] = "Santhe"; Apa malowo ndi ako ndithu, koma ndi mabaiti 7 okha: zilembo 6 ndi '\0' yotsekera. Tsono strcat safunsa malire a munda, amangolima mpaka kulowa kwa mnansi. Choopsa n'chakuti nthawi zina pulogalamu siifa, imangosokoneza nambala ina yoyandikana nayo, mlimi n'kuona makilo ake asintha pa lisiti.

Amene sindigwirizana naye kwenikweni ndi strncat, chifukwa amaoneka wofatsa. Anthu amamupatsa sizeof(dera) poganiza kuti akumuuza kukula kwa thumba, malo osungiramo mawuwo. Ayi. Nambala imeneyo ndi ya zilembo zomwe atenge kuchokera ku mawu achiwiriwo, ndipo '\0' amaiwonjezera payokha. Zolondola ndi sizeof(dera) - strlen(dera) - 1, kutanthauza kukula kwa thumba kuchotsera zilembo zomwe zilimo kale ndi malo a '\0', ndipo 1 ameneyo ambiri amamuiwala. Ineyo ndinamuiwalapo kangapo.

Pali strlcat, yochokera ku OpenBSD, yomwe imalandira kukula kwa thumba lonse. Ndi yabwino, kungoti inalowa mu glibc, laibulale ya C ya pa Linux, mochedwa, mu 2.38 m'chaka cha 2023, ndiye pa makompyuta akale omwe ambirife tili nawo mwina simuipeza.

Ine ndimasankha snprintf, yomwe ili mu C99: char mzere[64]; snprintf(mzere, sizeof mzere, "%s, %s", dera, boma); Sidutsa malire, imatseka ndi '\0', komanso imabweza kutalika komwe mawu onse akanafuna. Nambalayo ikakwana 64 kapena kuposa, dziwani kuti mawu adulidwa.

Ngati simudziwiratu kutalika kwa maina, pemphani malo ndi malloc(strlen(a) + strlen(b) + 1), onani ngati sinabweze NULL, ndipo mukatha muchite free.

Mnyamata uja tinamusinthira ku snprintf, kenako tinakompaila ndi gcc -fsanitize=address, yomwe imagwira pulogalamu ikadutsa malire a thumba, n'kuiyendetsa. Panatulukanso malo ena awiri omwe dzina la Nkhamenya linkasefukira m'thumba la mabaiti 8.