Forest, ka app kodzala mitengo nthawi ya mayeso

Amene muli pa mpanipani wa kumapeto kwa semesita, ma asayimenti aunjikana mayeso nawo ali pakhomo koma chala chikungothamangira ku TikTok, ka app ka Forest kayeseniko. Nkosavuta, umatchera nthawi, kaya mphindi 25 kaya mpaka 120, kamtengo nkuyamba kumera pa sikirini. Ukangotuluka kuti ndione kaye WhatsApp mtengo uja umafota basi, ndipo umatsala choncho chouma m'nkhalango yako uzingouona. Zoseketsa eti, munthu wamkulu ndevu pepeya kumvera chisoni mtengo wabodza, koma zimagwiradi ntchito.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri nchodzala limodzi ndi anzako, mmodzi akangogonja nkutuluka mitengo ya gulu lonse imafa, ndiye aliyense amaopa kukhala wopha mitengo ya anzake, mu gulu la zokambirana mumakhala bata lenileni. Makoini amene umapeza mu app mtengo ukakula ukhoza kutsegulira mitundu ina ya mitengo, ndiponso eni ake a Forest amagwira ntchito ndi bungwe la Trees for the Future kudzala mitengo yeniyeni.

Koma tisanamizane, kamalondera foni osati mtima wako. Gitala ali pakonapo, mpira pa laputopu, mnzako wa nkhani zosatha uja, zonsezo mtengo umangokula bwinobwino iwe osawerenga olo tsamba limodzi. Komanso ngati manotsi ako ali mu foni momwemo yamba waona za mndandanda wa ma app ololedwa usanadzale, apo ayi uzipha mitengo chifukwa chotsegula PDF.