Sailensa yanga yoyamba ya mfuti ya 9mm: ndemanga patatha chaka ndi theka

Khutu langa lamanzere limalira ngati nyenje ya m'chilimwe, makamaka usiku kukakhala zii. Linayamba nditakhala zaka zingapo ndikupita ku malo ophunzirira kuwombera kuno ku Indiana, malo a m'nyumba omwe phokoso limagunda khoma n'kubwerera kwa iwe. Zotseka m'makutu ndinkavala, koma si nthawi zonse zomwe zinkakhala bwino. Dokotala atandiuza kuti kumva kukatayika sikubwerera, ndinaganiza zogula sailensa, chida choika kunsonga kwa mfuti chochepetsa phokoso. Ndagwiritsa ntchito Rugged Obsidian 9 kwa chaka ndi theka pa mfuti ziwiri, pisitolo ya Glock 19 ndi mfuti yapaphewa ya Ruger PC Carbine, zonse za zipolopolo za 9mm. Ndikulembera anzanga okhala kuno ku America amene amandifunsa tikakumana, chifukwa ambiri amayamba ndi mantha kenako mafunso amatsatira.

Choyamba ndichotse bodza la m'mafilimu. Mfuti sikhala chete ayi. Pisitolo ya 9mm ikalira yopanda kanthu imafika madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 160, pomwe 140 ndiye malire omwe phokoso ladzidzidzi limayamba kuwononga khutu. Sailensa yabwino imatsitsa phokosolo mpaka pansi pa malirewo, koma munthu amene ali pabwalo amamvabe kuti mfuti yalira. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya sailensa ya galimoto: mpweya wotentha wa wonga umadutsa m'tizipinda tating'ono, umazizira ndi kuchepa mphamvu usanatuluke. Ndipo Hiram Percy Maxim, amene analembetsa chida chimenechi ngati luso lake mu 1909, ankapanganso zochepetsa phokoso la mainjini. Ine ndimavalabe zotseka m'makutu. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndikachoka kowombera mutu sundiwawa, ndipo mlangizi akamalankhula ndimamumva.

Za malamulo musazitenge mopepuka. Sailensa ili pansi pa lamulo la National Firearms Act la mu 1934. Umagula kwa wogulitsa wovomerezeka, uyenera kukhala ndi zaka 21, umapereka zidindo za zala ndi chithunzi, n'kudzaza fomu yotchedwa Form 4 yopita ku ATF, bungwe la boma loyang'anira za mfuti. Katunduyo amakhala m'sitolo mpaka chilolezo chitatuluka, ngakhale utalipira kale. Ine ndinagula mu 2024, ndinalipira msonkho wa madola 200, ndipo chilolezo chinabwera pasanathe milungu iwiri chifukwa fomuyo tinaitumiza pa intaneti. Akuluakulu ena amene ndimawombera nawo ankadikira miyezi yambirimbiri kale. Msonkho uja wachotsedwa kuyambira pa 1 Januwale 2026, koma kulembetsa kukadalipo. Ku Indiana n'zololedwa, monganso m'zigawo 42 za dziko lino, koma abale a ku California, New York, New Jersey, Massachusetts kapena Illinois, yomwe tayandikana nayoyi, musayerekeze. Komanso si katundu woika m'chikwama popita kumudzi.

Tsopano chomwe chinandivuta kwambiri posankha. Ndinali ndi mfuti ziwiri koma ndalama za sailensa imodzi. Yaitali imachepetsa phokoso kwambiri koma imalemera kutsogolo kwa pisitolo. Yaifupi ndi yopepuka koma imalira mokwererapo. Ndinayang'ana SilencerCo Omega 9K, yaifupi ndi yopepuka, yomwe anthu ambiri amaikonda, ndinayang'ananso Dead Air Wolfman yomwe ndi yonenepa ndipo imayenera kwambiri mfuti zapaphewa. Chinandikokera ku Obsidian 9 n'chakuti imagawika pawiri. Ikakhala yonse imatalika pafupifupi masentimita 20, ukamasula chigawo chakutsogolo imatsala pafupifupi 12. Pa Ruger ndimaika yonse. Pa Glock ndimakonda yaifupi, chifukwa dzanja silitopa ndipo mfuti sigwadira pansi. Kwa munthu amene akugula koyamba, amene sanadziwe chomwe amakonda, kugawikaku n'kofunika kuposa manambala onse a madesibelo omwe amalemba pa mabokosi. Ine ndinkaganiza kuti ndizidzagwiritsa ntchito yaitali nthawi zonse, koma manja anandiphunzitsa zina.

Kulakwitsa kwanga kunali pa mazinga. Kuti sailensa ilowe, mpope wa mfuti uyenera kukhala ndi mazinga kunsonga, ndipo mazingawo sali ofanana. Achimereka a 9mm nthawi zambiri ndi 1/2x28, pomwe ambiri a ku Ulaya ndi 13.5x1 omangira kumanzere. Ndinagula mpope wa Glock osawerenga bwino, ndipo unabwera wa mazinga a ku Ulaya. Tsiku lomwe ndinakatenga sailensa ndinabwerera kunyumba ndi chimwemwe, kuyesa kumanga, osalowa. Ndinachita kuitanitsa pisitoni ina, kachigawo ka sailensa komwe kali ndi mazinga omangira pa mpope, n'kudikira sabata yathunthu. Onani mazinga a mfuti yanu musanatulutse khadi la kubanki.

Pisitoni imeneyi ndiifotokoze, chifukwa wogulitsa wina amangodutsapo mothamanga. Pa pisitolo ngati Glock, mpope umabwerera m'mbuyo pang'ono n'kupendeka mfuti ikalira, ndipo ndi mmene chipolopolo china chimalowera. Ukapachika chitsulo cholemera kunsonga, mpope umalephera kuyenda ndipo mfuti imakakamira. Ndiye kumbuyo kwa sailensa kuli pisitoni ndi sipuling'i zomwe zimamasula mpope ku kulemerako kwa kanthawi kochepa. Koma pa mfuti ya mpope wosayenda, ngati Ruger yanga, sipuling'i ija siifunika ndipo ikhoza kuwononga mazinga. Umaichotsa n'kuikapo kachitsulo kolimba kotsekera malo ake, kapena umagula chomangira chosayenda. Ndinagula chomangira chosayenda kuti ndisamasokoneze. Pa bajeti yanu muwerengere zimenezi: ine sailensa ndinalipira madola pafupifupi 700, koma mpope, pisitoni, chomangira ndi msonkho zinakweza ndalama yonse kupitirira 1,000.

Chinthu chomwe chinandidabwitsa koposa ndi zipolopolo. Tsiku loyamba ndinawombera za 115 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), zotchipa zomwe ndinazolowera, ndipo mtima unagwa. Phokoso linali lakuthwa, thwa! ngati chikwapu. Bambo wina wachikulire amene anali pambali panga anandipatsa zake zisanu za 147 grain nati ndiyese. Kusiyana kwake ngati usiku ndi usana. Zopepuka zija zimathamanga kuposa liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo zimang'amba mpweya ndi kulira kwakekwake komwe sailensa singakuletse, popeza kumachitika chipolopolo chitatuluka kale. Zolemerazi zimayenda pansi pa liwirolo. Pa Ruger, ndi sailensa yonse ndi 147 grain, chimene chimamveka kwambiri ndi kugunda kwa zitsulo za mfuti yomweyo ndi kulira kwa chipolopolo chikamenya chandamale chachitsulo. Mkazi wanga, amene ankakana kupita nane chifukwa cha phokoso, tsiku lina anawombera magazini awiri, timabokosi tosungira zipolopolo m'mfuti, osatsinzina.

Pali zovuta zomwe sailensa iliyonse imabwera nazo, ndipo n'kwabwino kuzidziwiratu. Kuwombera koyamba kumalira mokweza kuposa kotsatira, chifukwa mpweya wabwino womwe uli mkati umayaka. Imatentha msanga, pakatha magazini awiri osaigwira ndi dzanja lopanda kanthu. Utsi ndi tizinyalala zimabwerera kumaso, choncho magalasi ndi okakamiza, ndipo mfuti imada msanga kuposa kale. Pa pisitolo imatchinga timaso toyang'anira chandamale, moti ndinasintha n'kuika tatitali. Imakhwefukanso pang'onopang'ono ukamawombera, ndipo ikapendeka chipolopolo chikhoza kumenya mkati. Ndimaima pafupipafupi, kuchotsa magazini, kuonetsetsa kuti mulibe chipolopolo, kenako n'kumangitsa ndi nsalu yokhuthala.

Kutsuka ndi kumene ndimaiyamikira kwambiri. Tizipinda take ta mkati ndi tachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo timatuluka kamodzikamodzi ukamasula chivindikiro. Ndimatsuka pakatha zipolopolo mazana angapo, ndisanalole kuti mwaye uume n'kumamatira. Ndimavala magolovesi ndipo ndimachitira m'garaja chitseko chili chotsekula, chifukwa mwaye umenewu uli ndi mtovu ndipo m'nyumba muli ana. Pisitoni ndimaipaka girizi pang'ono nthawi iliyonse.

Ndikadakhala ndi pisitolo yokha, mwina ndikadatenga yaifupi ndi yopepuka kuposa iyi. Koma kwa munthu wa mfuti ziwiri ngati ine, wogula koyamba, ndingaiguleso popanda kuganiza kawiri, ndipo pa nyenyezi zisanu ndaipatsa zisanu. Khutu lamanzere likuliralirabe, silidzasiya. Pondipima mwezi wathawu anapeza kuti lamanja lili monga linalili zaka ziwiri zapitazo.