Tcheni cha DID 525VX3 pa Suzuki DR650 m'matope a ku Thyolo ndi Mulanje

Dothi lofiira la m'minda ya tiyi likanyowa limamata ngati phala, ndipo likauma limasanduka fumbi losalala lomwe limalowa paliponse. Pa njinga yamoto, chimene chimayamba kulira ndi tcheni. Njinga yoyenda kwa Makwasa kutsikira ku Thekerani nthawi ya dzinja, kapena yokwera ku Likhubula m'masiku a chiperoni, imadya tcheni mofulumira kuposa yongoyenda pa phula. N'chifukwa chake funso la tcheni chomangidwa ndi timphira, monga DID 525VX3, limabwera kawirikawiri kwa eni njinga zapakatikati ngati Suzuki DR650. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri kuposa tcheni wamba, ndiye munthu afunse kaye ngati chili ndi phindu.

Phindu lilipo, ndipo chifukwa chake chili m'kati mwa tchenicho. Anthu amati tcheni "chatanuka", koma chitsulo sichitanuka ayi. Chimene chimachitika n'chakuti mapini ndi timabushi ta m'mfundo iliyonse timadyana, mpata n'kukula pang'onopang'ono mpaka tcheni chonse chitalike. Pa tcheni wamba, madzi a matope amalowa m'mfundomo n'kutsuka girizi yense, mchenga n'kutsala m'kati ukupala. Pa 525VX3, pakati pa timbale ta mfundo pali timphira tooneka ngati X tikadulidwa, tomwe timatsekera girizi wa ku fakitale m'kati ndi kuletsa madzi kulowa. Pamalo ngati kuno, pamene njinga imawoloka timitsinje komanso kugona ndi matope, kusiyana kwake kumaoneka pa nambala ya maulendo amene mumakoka tcheni. Mukakoka kamodzi chikangoikidwa, chimakhala nthawi yaitali osafunanso sipanala.

Musagule tcheni chokha. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Sipuloketi (gudumu la mano lomwe tcheni chimayendapo) yakale imakhala ndi mano opindika ngati zikhadabo za kabawi, ndipo mano otero amawononga tcheni chatsopano m'miyezi yochepa. Sinthani zonse zitatu tsiku limodzi: tcheni, sipuloketi ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Pa DR650 yambiri mumapeza mano 15 kutsogolo ndi 42 kumbuyo, tcheni cha mfundo 110, koma werengani mano a njinga yanu musanapite ku Limbe kukagula, pakuti mwini wake woyamba mwina anasintha. Kumbuyo sankhani sipuloketi yachitsulo, osati ya aluminiyamu. Ya aluminiyamu ndi yopepuka koma mchenga wa kuno umaidya ngati sopo. Onetsetsaninso nambala. Tcheni cha 520 ndi cha 525 n'zofanana kutalika kwa mfundo, mamilimita 15.875, koma cha 525 n'chachikulu m'mimba, choncho cha 520 sichikhala pa mano a 525. Wogulitsa akakuuzani kuti n'chimodzimodzi, musavomere.

Amene amakhala m'zitunda, kapena amanyamula katundu m'misewu ya m'minda, aganizire zoika ya mano 14 kutsogolo. Njinga imakwera mtunda mosavutikira ndipo kilatchi simaipsereza pa giya yoyamba. Choipa chake n'chakuti pa msewu wa M2 pakati pa Luchenza ndi Mulanje injini imalira kwambiri pa liwiro lomwelo, mafuta amapita ochulukirapo, ndipo sipuloketi yaing'ono imatha msanga.

Chovuta chenicheni cha tchenichi ndi cholumikizira. Kawirikawiri chimabwera ndi mfundo yomwe mitu ya mapini ake iyenera kuphwanyidwa ndi chida chake chapadera. Chida chimenechi si galaja iliyonse ili nacho, ndipo kumenya ndi hamala ndi chizolowezi choopsa: mukaphwanya pang'ono, kambale kamachoka njinga ikuthamanga, mukapyola, timphira timafinyika ndipo mfundoyo imauma. Pakani girizi wa m'kapaketi pa mapini, ikani timphira tonse tinayi, kanikizani kambale mpaka mfundoyo ifanane m'lifupi ndi zinzake, kenako phwanyani mitu molingana ndi muyeso wolembedwa papepala la m'bokosi. Ngati mwapeza cholumikizira cha kilipi, mbali yotseka ya kilipiyo iyang'ane kumene tcheni chikupita. Kuyang'anitsa kumbuyo ndiko kumachititsa kuti udzu kapena mwala uikolopole.

Tayala la kumbuyo mukalichotsa, musafulumire kubwezera. Onani mphira za m'habu zomwe zimalandira mphamvu ya sipuloketi; zikatha, sipuloketi imagwedera ndipo njinga imanjanja mukaponda giya. Onaninso pulasitiki yomwe tcheni chimatsetserekapo pa foloko ya kumbuyo. Ikabooka, tcheni chimayamba kudya chitsulo.

Pokoka, buku la DR650 limanena kuti tcheni chizigwedera m'mwamba ndi pansi mamilimita 30 mpaka 45, poyeza pakati pa masipuloketi awiri. Zungulizani tayala mupeze pamene tcheni chathina kwambiri, muyezere pamenepo. Tcheni chothina chimaoneka chaudongo koma chimapha: mukagwera m'dzenje kapena mukakweza munthu, foloko imakwera, tcheni chimakokedwa, ndipo mphamvuyo imakathera pa beringi ndi silo (mphira yotsekera oyilo) ya shafuti ya giyabokosi. Zokokera za mbali zonse ziwiri zikhale pa nambala imodzi, apo ayi tayala limapendama ndipo mano amadyeka mbali imodzi.

Tcheni chabwino chonchi chimafa ndi kutsuka kolakwika. Petulo amaumitsa timphira. Burashi ya waya imatidula. Mpope wamphamvu wa kotsukira magalimoto umakankhira madzi m'kati n'kuwatsekera momwemo. Gwiritsani ntchito parafini, burashi yofewa ndi kansalu, pukutani chiume, kenako dontheserani oyilo wa giya wa 80W-90 m'kati mwa tcheni chapansi chikadali chofunda pobwera ku ulendo. Oyilo wakuda wochoka mu injini asakhudze tcheni chimenechi, ndipo girizi wolimba amangokola fumbi n'kupanga phala lopala chitsulo. Nthawi yadzuwa, makilomita 1,000 asakwane musanathire. Nthawi yamvula, thirani mukangoyenda m'matope, chifukwa timphira timateteza m'kati mokha, kunja kumachita dzimbiri usiku umodzi wa chinyezi cha ku Thyolo.

Kuti mudziwe ngati chatha, chikokeni chiwongoke ndipo muyeze kuchokera pa pini yoyamba mpaka ya nambala 21. Chatsopano chimakwana mamilimita 317.5, pa DR650 chikadutsa 319.4 ndiye kuti ntchito yake yatha. Opanda choyezera akoke tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu: theka la dzino likaonekera, yambani kusunga ndalama. Pogula, tsegulani bokosi pamaso pa wogulitsa, muone chidindo cha DID pa timbale komanso timphira pa mfundo iliyonse, pakuti matcheni achinyengo ovala dzina lomweli amapezeka pamsika.