Kuika Linux pa kompyuta: DVD kapena fulashi?

Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ngati Windows, ndipo imaikidwa kuchokera pa DVD kapena fulashi. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, posankha pakati pa ziwirizi muziganiziranso kutentha ndi fumbi.

DVD wamba imatenga 4.7 GB basi. Mtundu wa Linux wotchedwa Linux Mint umakwanamo bwino, koma wina wotchedwa Ubuntu 24.04 unapitirira 5 GB, choncho sungalowe. Powotcha (kulemba Linux pa DVD) sankhani "burn image" pa liwiro lotsika, monga 4x. Mukangokopera fayilo ya ISO (fayilo imodzi yomwe muli Linux yonse) ngati mukukopera nyimbo, kompyuta siyambira pa diskiyo. Ubwino wa DVD-R ndi woti ikawotchedwa, vayirasi salowamo ngakhale itayenda m'makompyuta khumi. Vuto ndi nyengo yathuyi. Mu Okutobala kutentha kukapitirira madigiri 40, diski yosiyidwa pawindo kapena m'galimoto imapindika, ndipo fumbi likadzaza pa kagalasi kowerengera diski m'kompyuta, ntchito imaima pakati. Diskiyo muziipukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira.

Fulashi ya 8 GB imathamanga kwambiri, komanso malaputopu ambiri atsopano alibe n'komwe polowetsa diski. Fulashiyo ikonzeni ndi Rufus, pulogalamu yoika fayilo ya ISO pa fulashi, koma sungani kaye kwina zimene zilimo chifukwa zonse zifufutika.

Kaya mwasankha iti, poyatsa dinani F12 pa Dell kapena F9 pa HP kuti musankhe poyambira. Yambani batire litadzaza, chifukwa magetsi akazima hadi disiki ikugawidwa, kompyuta imatsala yopanda choyambira. Fulashi ndiye yabwino kuno. DVD isungireni makompyuta akale okana kuyambira pa USB.