Eriyo ya waya ya FM yomwe ndidagula kwa wokonza mawailesi

Amene muli m'nyumba ya malata kuseri kwa phiri mukudziwa vuto lake: wailesi imalankhula bwino ukaigwira, ukangoisiya nkuyamba shiii. Yathu ndi yakale ija yakaseti, eriyo yake yokoka idathyoka kalekale. Ndiye ndidagula eriyo ya waya kwa bambo wina wokonza mawailesi pamsika wa pa Dedza boma, omwe amazipanga okha.

Kuiona ndi yachabechabe. Ndi waya wopyapyala wamapasa wogawikana ngati chilembo cha T. Mkono uliwonse ndi wotalika masentimita 75 kapena kuchepera pang'ono, yonse pamodzi pafupifupi mita ndi theka. Ndidawafunsa kuti, "Bambo, bwanji osawonjezera waya kuti igwire kwambiri?" Adaseka nkunena kuti pa FM kutalika si mphamvu. Mawailesi a FM amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo muyeso umenewu ndi theka la kutalika kwa funde la wailesi la pakatikati pa manambalawo. Ukatalikitsa mwachisawawa, waononga.

Chomwe ndaikondera n'chakuti imamvera malo omwe waiika. Nditaikhoma pakhoma pafupi ndi denga, palibe chidasintha, malata amasokoneza. Nditaitsitsa nkuitambasula pafelemu la zenera loyang'ana kuphiri, MBC Radio 1 ndi Zodiak zidayamba kumveka mbee, moti amayi amamvera mauthenga achisoni ali kukhonde osasowanso woigwirizira wailesi. Dziwani kuti eriyo yotere imagwira bwino kutsogolo ndi kumbuyo kwake, koma kunsonga za mikono ija njogontha. Choncho siteshoni ina ikakana, musathamangire kunyoza wailesi; tembenuzani T-yo, kapenanso iimikeni chilili, mkono wina m'mwamba wina pansi. Kwathu kuno kuimika ndi komwe kudabweretsa siteshoni ina yomwe sitinkaimva n'komwe.

Zodandaulitsa zilipo. Polumikizira adangopotokola nkukulungapo tepi yakuda, osawotcherera, ndiye kukatentha tepi ija imamatuka. Timawaya takumapeto n'tofewa, ana akangokoka tathothoka pa sikuluwu. Komanso onani kumbuyo kwa wailesi yanu musanagule. Eriyoyi imafuna masikuluwu awiri olembedwa 300 ohm. Ngati yanu ili ndi kabowo kozungulira ka 75 ohm, mufunika kachipangizo kolumikizira, ndipo bambowa analibe.

Pa AM musayembekezerepo kanthu, wailesi zambiri zimagwiritsa ntchito kaeriyo kena kamkati, kamtengo kakuda konga chitsulo kotchedwa ferrite. Ndipo phokoso la inveta ya sola kapena chaja yotsika mtengo siyithetsa. Waya wake muzidutsitsa kutali ndi zimenezo.

Kwa okhala pafupi ndi mlongoti woulutsira mawu, eriyo yokoka ija njokwanira. Koma akumidzi ya m'zigwa, gulani, mtengo wake ndi wochepa. Mungowauza awotcherere polumikizirapo inu mukuona.